Njira ya mawu ndi ya yani? Mbiri ya ku Angónia kuchokera ku Mphatso mpaka pa intaneti

Pa 4 Okutobala 2021, tsiku limene dziko la Mozambique limakumbukira mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Roma mu 1992, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasiya kugwira ntchito pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Cholakwika chinachitika m'makina a kampani imodzi ya ku California. Komabe aliyense amene ankadalira WhatsApp, kaya ali ku Ulónguè, ku Dómuè kapena ku Tsangano, anangogwira foni m'manja osatha kutumiza uthenga. Nkhaniyi imakhudza kwambiri aphunzitsi a m'makalasi a zinenero ziwiri. Mabuku a Chichewa ndi ochepa, choncho zambiri zimene aphunzitsi amagawana, monga mindandanda ya mawu a masamu, nthano zolemba pamanja ndi mapulani a phunziro, zimayenda m'magulu a pafoni amene mwini wake weniweni ali kutali.

Funso lakuti njira imene mawu amayendamo ndi ya yani si lachilendo kumapiri a Angónia. Lakhala likubwera mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 100: poyamba pa nkhani ya mabuku, kenako pa wailesi, tsopano pa intaneti.

Malire, mishoni ndi buku

Mgwirizano wa Angerezi ndi Apwitikizi wa pa 11 Juni 1891 unadula pakati dziko la Angoni a Maseko, potsata mitunda imene imagawa madzi opita ku Zambezi ndi madzi opita kunyanja ya Malawi. Anthu a chinenero chimodzi anapezeka ali pansi pa maboma awiri. Mawu apakamwa sanaimitsidwe ndi malirewo. Uthenga wa maliro, wa chinkhoswe ndi wa mitengo ya kumsika unapitirira kuwoloka monga kale, chifukwa unalibe likulu limene munthu akanatha kulitseka. Aliyense wodziwa njira anali mthenga.

Mawu olembedwa ndiwo anakumana ndi chipata. Mu 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene anali atakhazikika kale ku Nyasaland, anatsegula mishoni ya Mphatso m'dera la Angónia. Monga ankachitira kutsidya, anafalitsa masukulu a m'midzi kumene ana ndi akulu ankaphunzira kuwerenga m'Chinyanja. Masukuluwo anali omwazikana, koma onse ankadalira chilolezo chimodzi cha boma la atsamunda. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya mishoniyo, ndipo masukulu ake anagwera limodzi. M'chaka chomwecho Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'Chinyanja. Akhristu a mpingowo amene anatsala ku Angónia ankawoloka malire kukapemphera kumipingo ya ku Nyasaland, kumene bukulo linkawerengedwa momasuka.

Lamulo la 1941 lotchedwa Estatuto Missionário linaika maphunziro a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Linalamula kuti chinenero cha sukulu chikhale Chipwitikizi, ndipo zinenero za anthu linangozilola pophunzitsa zachipembedzo. Ansembe a gulu la Companhia de Jesus, amene ankagwira ntchito ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, anaphunzira chinenero cha anthu mozama mpaka analemba Dicionário Cinyanja-Português, imene inasindikizidwa ku Lisboa mu 1963. Ndi buku lamtengo wapatali mpaka lero. Koma makina osindikizira, ndalama ndi mphamvu yosankha chimene chisindikizidwe zinali kutali ndi eni chinenero.

Pakamwa pamodzi, makutu ambiri

Wailesi inafika ndi vuto lomwelo m'njira ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Rádio Clube de Moçambique inayamba kuulutsa m'zinenero za anthu akuda, ndipo nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, mapulogalamuwo anasanduka chida cha boma la atsamunda. Frelimo nayo inkaulutsa mawu ake kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Anthu a m'malire analinso ndi wailesi ya MBC ya ku Blantyre, makamaka dziko la Malawi litasankha Chichewa kukhala chinenero cha fuko mu 1968. Womvera ankatha kusintha siteshoni, koma sankatha kuyankha.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, boma latsopano linasunga Chipwitikizi ngati chinenero chogwirizanitsa dziko. Linayesanso kufikitsa nkhani kumidzi. Mu 1977 linakhazikitsa Gabinete de Comunicação Social, ofesi imene pambuyo pake inasanduka Instituto de Comunicação Social, kapena ICS. Inaika zokuzira mawu m'midzi ina ya aldeias comunais ndi kuphunzitsa anthu wamba kutola nkhani. M'malo ambiri munali bolodi la jornal do povo, pamene nkhani zinkalembedwa kuti odutsa awerenge. Zida zinatsikiradi kumudzi, ngakhale kuti zolankhulidwa zinkayenera kugwirizana ndi mzere wa chipani chimodzi.

M'zaka zomwezo munabadwa chinthu chimene aphunzitsi amachidziwa bwino kuposa wina aliyense: ZIP, Zona de Influência Pedagógica. Masukulu oyandikana amapanga gulu, sukulu imodzi imakhala likulu, ndipo aphunzitsi amakumana kuti akonze maphunziro pamodzi ndi kuthandiza anzawo atsopano. Ma ZIP onse amatsata ndondomeko imodzi ya maphunziro, koma ZIP ya ku Dómuè imatha kukumana ngakhale ya ku Lifidzi italephera. Kamangidwe kameneka n'kofunika kukakumbukira, chifukwa ndi komwe akatswiri a makompyuta akukafunafuna lero.

Nkhondo ya pachiweniweni inawononga masukulu ambiri a m'chigawo cha Tete. Anthu ochuluka a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondoyo dziko la Malawi linali kusunga anthu othawa kwawo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Pa nthawi imeneyo njira za boma zitaduka, nkhani za amene wamwalira ndi amene wapulumuka zinkayendanso ndi miyendo ndi pakamwa.

Zaka za m'ma 1990: zitseko zitatseguka

Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndi lamulo la atolankhani la nambala 18/91 zinathetsa zakuti boma lokha ndilo likhale ndi nyuzipepala ndi wailesi. Kuchokera pamenepo mawailesi a m'madera anayamba kubadwa: ena a boma kudzera ku ICS, monga wailesi ya ku Ulónguè, ena a mipingo, ena a mabungwe a anthu a m'deralo. Mu 2004 mawailesiwa anapanga bungwe lawo la FORCOM, ndipo mu 2006 kunabadwa CAICC ku Universidade Eduardo Mondlane, yowathandiza pa zamakompyuta ndi kugawana nkhani. Kwa nthawi yoyamba mlimi wa mbatata ya kachewere anatha kumva mawu a mnansi wake pa wailesi, m'chinenero cha kwawo. Ufuluwo sunali wopanda zopinga. Lamulo la boma la nambala 40/2018 linakweza kwambiri ndalama za ziphaso za nyumba zoulutsa mawu, kuphatikizapo mawailesi aang'ono, ndipo linachotsedwa mu 2020 atolankhani ndi mabungwe atalitsutsa.

Maphunziro a zinenero ziwiri anabadwa mu mphepo yomweyo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa ntchito ya PEBIMO m'zigawo ziwiri: ku Gaza ndi Chichangana, ku Tete ndi Chinyanja. Zotsatira zake zinathandiza kuti mu 2003 maphunzirowa alowe m'masukulu a boma m'zinenero 16. Ndime 9 ya malamulo aakulu a 2004 imati boma limalemekeza zinenero za dziko ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro.

Makalata a pakompyuta nawo anafika m'chigawo chino cha Africa m'zaka zimenezi, ndipo anafika mopanda mwini mmodzi. Njira yotchedwa FidoNet, imene Tom Jennings anayambitsa ku America mu 1984, inkagwira ntchito motere: kompyuta ya pamalo ena inkasonkhanitsa makalata a anthu ake masana, kenako n'kuimbira kompyuta ina pa lamya ya waya, kawirikawiri usiku mitengo ikatsika, n'kupatsirana mitolo ya makalata. Kompyuta iliyonse inali ndi woiyang'anira wake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 njira imeneyi inkagwiritsidwa ntchito pa University of Zambia ku Lusaka ndi pa Chancellor College ku Zomba. Ku Maputo, likulu la zamakompyuta la CIUEM linayamba kutumiza makalata kudzera ku South Africa, ndipo mu 1999 linatsegula malo oyamba a anthu wamba ogwiritsirapo ntchito kompyuta ku Manhiça ndi ku Namaacha.

Pa 30 Epulo 1993, chaka chimene PEBIMO inayamba, bungwe la CERN ku Geneva linalengeza kuti luso la World Wide Web, limene Tim Berners-Lee anakonza kumeneko, ndi la aliyense popanda kulipira. Munthu aliyense wokhala ndi kompyuta yolumikizidwa akanatha kuikapo zolemba zake popanda kupempha kwa wina. Imelo imagwirabe ntchito mwa njira imeneyi: wa Gmail amalembera wa ku yunivesite ya UniZambeze popanda vuto, chifukwa makompyuta awo amatsata malamulo amodzi a katumizidwe amene alibe mwini.

Foni m'thumba, chipata pa kampani

Anthu ambiri a ku Angónia sanaione intaneti ya mtundu umenewo. Inawafika mochedwa, kudzera pa foni. Kampani ya mCel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, ndipo Movitel, imene inafalitsa kwambiri netiweki kumidzi, inayamba mu 2012. Pofika nthawi imeneyo intaneti inali itasintha nkhope. Makampani ochepa anali atamanga mipanda yawoyawo, mmene munthu amalowa ulere koma amalankhula ndi okhawo amene ali mkati. Facebook inagula Instagram mu 2012 ndi WhatsApp mu 2014.

Mu Julayi 2014 kampaniyo inayambitsa ku Zambia, pamodzi ndi Airtel, ntchito ya Internet.org imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, ndipo mu 2015 inafika ku Malawi. Munthu ankatha kutsegula Facebook ndi masamba ena ochepa osankhidwa popanda kuwononga mamega. Kwa wosauka chinali chithandizo chenicheni. Koma wosankha masambawo anali kampani, ndipo dziko la India linaletsa ntchitoyi mu Febuluwale 2016 chifukwa chakuti inkakondera masamba ena. Malonda a makampaniwa ndi otsatsa: amasonkhanitsa zimene munthu amakonda, anzake, kumene ali ndi nthawi imene amakhala pa foni, n'kugulitsa mpata kwa ofuna kumufikira.

Mpanda wa kampani umathanso kugwa. Orkut, imene inali yotchuka kwambiri ku Brazil, inatsekedwa mu 2014. Google+ inatsekedwa mu 2019, ndipo Yahoo Groups mu 2020. Magulu a anthu amene sanakopere zinthu zawo nthawi isanathe anazitaya.

Boma nalo limaona kuti chipata chimodzi n'chosavuta kutseka. Pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 anthu a ku Maputo ndi Matola anachita zionetsero zokana kukwera mtengo kwa buledi, ndipo ankaitanana pa mauthenga a SMS. Patangopita masiku ochepa, mauthengawo anaimitsidwa kwa kanthawi. Pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, intaneti ya pafoni inadulidwa kangapo kuyambira pa 25 Okutobala, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinatsekedwa kwa masiku. Cholinga cha otseka sichinali masukulu, koma gulu la aphunzitsi lokonzekera mayeso a kumapeto kwa chaka linali pa njira yomweyo.

Kuyesa kumanganso popanda likulu limodzi

Akatswiri ena akhala akuyesa kubwezera masamba a mchezo ku kamangidwe ka imelo. Ntchito ya Diaspora inayamba mu 2010. Mu 2016 Eugen Rochko wa ku Germany anatulutsa Mastodon, pulogalamu imene aliyense angathe kuiika pa kompyuta yake yotumikira ena, imene amaitcha seva. Mu Januwale 2018 bungwe la W3C linavomereza ActivityPub, malamulo olola ma seva osiyanasiyana kupatsirana mauthenga. Sukulu, yunivesite kapena bungwe la atolankhani likhoza kukhala ndi seva yake, malamulo ake ndi oyang'anira ake, koma anthu ake n'kumacheza ndi a pa ma seva ena. Wosakhutira ndi oyang'anira amasamukira pa seva ina pamodzi ndi omutsatira. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022, anthu ambiri anathamangira ku njira imeneyi.

Mphunzitsi sangavutike kumvetsa kamangidweka, pakuti ndi ZIP ya pa makompyuta: malamulo amodzi, malikulu ambiri. Koma mbiri yomweyi ikuchenjeza kuti kumwazikana kokha sikukwanira. Masukulu a Mphatso anali omwazikana, komabe anagwa tsiku limodzi chifukwa chilolezo chinali chimodzi. Mastodon nayo imafuna netiweki ya Tmcel, Vodacom kapena Movitel. Intaneti yonse ikadulidwa, imakhala chete monga WhatsApp. Seva imafuna magetsi osaduka, ndalama za mwezi ndi mwezi ndi munthu wodziwa kuikonza. Imadya mamega pa mtengo wonse, pamene makampani a foni nthawi zambiri amatsitsa mtengo wa mabando a WhatsApp ndi Facebook. Imafunanso oyang'anira odziwa chinenero, otha kusiyanitsa nthabwala ya pachibale ndi chipongwe, ntchito imene makampani akuluakulu sanaichite bwino m'zinenero za mu Africa. Ndipo anthu amapita kumene kuli abale awo. Makolo a ana sadzasamuka chifukwa chakuti akatswiri anena.

Ena anayambira pa waya ndi mlongoti womwe. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anthu a m'mudzi mothandizidwa ndi University of the Western Cape anakhazikitsa Zenzeleni, netiweki ya mphamvu ya dzuwa imene mwini wake ndi kopaletivi ya anthu omwewo. Ku Macha, kumwera kwa Zambia, anthu anamanganso netiweki ya kumudzi yolumikiza chipatala, masukulu ndi nyumba. Ntchito zoterezi zimayenda pang'onopang'ono ndipo zimadalira mgwirizano wa anthu kuposa makina.

Zimene mbiriyi ikuuza aphunzitsi

Choyamba ndi kusunga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nthano imene ili m'gulu la WhatsApp mokha ili pachala: foni ikabedwa, nambala ikasintha kapena woyang'anira gulu akasamutsidwa, imatha kusowa. ZIP iliyonse ikhoza kukhala ndi nkhokwe yake ya zolemba za Chichewa, pa fulashi kapena pa memori khadi, ndiponso pa pepala m'faelo, m'masukulu awiri osiyana. Kupatsirana pa Bluetooth pa tsiku la msonkhano wa ZIP sikufuna mamega, ndipo ndi njira yomwe ija ya FidoNet.

Chachiwiri ndi chilolezo. Zolemba za mphunzitsi zimayenda kutali ngati walembapo dzina lake ndi mawu omveka akuti ena angathe kukopera, kusintha ndi kumasulira. Ziphaso za Creative Commons, zimene zinatuluka mu 2002, zinapangidwira zimenezi. Ntchito ya African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa imazigwiritsa ntchito, ndipo ili ndi timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, timene tingakoperedwe ndi kusindikizidwa. Pulogalamu ya Kiwix imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, ngakhale kuti Wikipedia ya Chichewa ikadali yaing'ono kwambiri ndipo ikudikira olemba.

Chachitatu ndi kalembedwe. Misonkhano yokonza kalembedwe ka zinenero za Mozambique, imene inachitika mu 1988, 1999 ndi 2008, inasankha chilembo c pamene a ku Malawi amalemba ch. Mwana wa ku Calómuè amaona cimanga m'buku la kusukulu ndi chimanga pa thumba la mbewu lochokera ku Dedza. Munthu amadziwa kuti ndi mawu amodzi, koma makina ofufuzira amatha kuwaona ngati awiri. Google Translate, imene inalandira Chichewa mu Disembala 2014, imatsata kalembedwe ka ku Malawi. Ngati aphunzitsi a ku Tete saika zolemba zawo pamalo poonekera, kalembedwe kawo ndi mawu a kwawo sizidzadziwika kwa makinawo. Kulemba mutu wa faelo m'kalembedwe konse kuwiri kumathandiza kuti anzawo a mbali zonse za malire aipeze.

Chachinayi ndi ana. Chithunzi cha mwana, dzina lake ndi malikisi ake zikalowa m'gulu la anthu 200, palibe angazibweze. Intaneti yolemekeza anthu imayambira pa mphunzitsi amene amapempha makolo asanajambule, amene amajambula kope osati nkhope, ndiponso amene satumiza mndandanda wa olephera m'gulu.

Ndondomeko ya boma yofalitsa maphunziro a zinenero ziwiri ya 2020 mpaka 2029 ikutanthauza makalasi ochuluka a Chichewa m'chigawo cha Tete, ndipo mabuku osindikizidwa sangakwanire okha. Zambiri zidzalembedwa ndi aphunzitsi eni ake. Seva ya aphunzitsi a Chichewa ndi yotheka, koma ingakhalitse pokhapokha itakhala m'manja mwa bungwe lokhazikika, monga sukulu yophunzitsa aphunzitsi kapena yunivesite, ndipo malamulo ake atalembedwa ndi oigwiritsa ntchito. Zimenezo zisanachitike, wailesi ya m'dera, msonkhano wa ZIP, faelo ya mapepala ndi gulu la pafoni zikhoza kugwira ntchito limodzi, kuti njira imodzi ikatsekedwa phunziro la Lolemba lipezeke pa ina.